Nkhama Si Belo

Zaka makumi atatu ndadinda mabelo pa Chamama.
Jeke amandidziwa.
Fodya ankalowa m'bokosi ali phiri,
n'kutuluka ali mwala.
Chilichonse chimene ndinagwira, ndinachigwira choncho:
khasu, chingwe cha ng'ombe, phewa la mwana,
ndi mswachi womwe.

Mswachi sunkandifikira mwezi.
Ubweya wake unkagona cham'mbali
ngati udzu pamene pagona ng'ombe.
M'mawa uliwonse kuseri kwa bafa
ndinkalavula thovu la mtundu wa katondo
n'kufotsera ndi phazi, kuti Elufe asaone.

Anaona ndi Mwandida,
atabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi.
Sanafunse.
Anangotulutsa m'chikwama kanthu koyera, konenepa ngati chitsononkho,
n'kukadina pamimba.
Kanayamba kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.
Ndinati, mwanawe, mano anga si thabwa la kalipentala.
Iye anati, ababa, yesani kaye.

Ndinayesa mmene ndimadziwira.
Ndinakanikiza,
ndipo kanyali kofiira kanayaka pakhosi pake.
Ndinakanikizanso, kanayakanso.
Ndinati kabwera kowonongeka aka,
am'bera ndalama mwana wanga.
Sabata yonse ndinalimbana nako.
Magazi osaleka,
madzi a mumtsuko n'kumandibaya ngati singano.

Lachinayi ndinakwera matola wa ku boma.
Kuchipatala, chipinda cha kumapeto,
mtsikana wa mano, mwana wa a Kamphinda,
anandiyasamitsa n'kulowetsa kagalasi.
Anapala zouma zimene zinamera m'tsinde mwa mano,
zija mswachi sungathe,
kenaka anandipatsa galasi lalikulu kuti ndidzionere.
Ndinaona mtengo wa m'mbali mwa chigwembe:
dothi lapita, mizu ili pamtunda.

Anati, zimene zathawazi sizibwereranso, bambo,
koma zotsalazi tingazisunge.
Anatenga dzanja langa, ili la zikang'a,
n'kulimasula chala chimodzichimodzi
mpaka mswachi unatsala pa zala zitatu
ngati cholembera cha kalaliki wa ku okushoni.
Anati, mupendeketse pamene dzino likumana ndi nkhama,
muuleke uime pamenepo, upume, mupite pa dzino lina.
Ntchito ndi yake. Yanu ndi kuuperekeza.
Nyaliyo ikayaka sikuti wafa ayi,
ukukuuzani kuti mwapweteka.
Nkhama si belo.

Mphindi ziwiri n'zazitali
kwa munthu wozolowera kuthana ndi chinthu msanga.
Ndinkaima pansi pa mpapaya, chigongono chikuyabwa,
dzanja likufuna jeke.
Kanyali kankayaka, ine n'kubweza.
Kankayaka, n'kubweza.
Tsiku lina sikanayake.

Batire likatha ndimapita nako kwa Yotamu pa sitolo.
Kamagona pa sola pakati pa mafoni,
anyamata a kabaza n'kumaseka:
Madala, foni yanuyi imayimba kuti?
Ndimati imayimba m'kamwa, mwa eni ake.
Mutu wake ukatha, wina ngwosowa kuno
ngati feteleza wa makuponi.
Mwandida amatumiza pa basi, itatuitatu,
ndipo ikachedwa ndimagula mswachi wofewa wa pa sitolo
n'kuugwira ndi zala zomwe zija.

Fodya atayamba kupsa m'munda
ndinalavula kuseri kwa bafa
ndipo thovu linali loyera ngati thonje la ku Chigwa.
Sindinafotsere.
Ndinaitana Elufe kuti adzaone.

Anabwera akupukuta manja pa chitenje,
anayang'ana pansi, anayang'ana ine.
Anati, zaka zonsezi ndakhala ndikunena
kuti dzanja lanuli mudzilipeputsa,
ana anakula akunena ndi maso,
inu osamva.
Lero mwamvera kanthu ka batire.

Ndinasowa poyankha.
Ndinamugwira pamkono, ndi zala zitatu,
n'kumamuyang'ana kumaso
ngati pangayake kanyali.